Khomo la akazi pa depoti

"Khoma lapakatili ligwe basi," anatero a Kobina Eshun, akuloza ndi kiyi wa galimoto. "Khomo limodzi, aliyense azilowa. Kunja konse akuchita choncho masiku ano."

Ewurasi, mwana wa mlongo wawo, anali atatseka mphuno ndi nsonga ya nsalu yake yakuda. Panali patapita masiku asanu ndi atatu chimwalirireni mayi ake, Maame Araba, amene anasunga chimbudzi cholipira cha pa depoti ya mabasi ku Takoradi kwa zaka zoposa makumi awiri. Thupi linali likadali ku mochale. M'mawa womwewo akuluakulu a banja anagamula kuti mkazi amalowa m'malo mwa mkazi mnzake: Ewurasi atenge mpando wa mayi ake, akakana chimbudzi chipita kwa amalume. Yankho ankalifuna dzuwa lisanalowe.

Iye anabwera kudzakana. Ntchito anali nayo, pa hotela ku Accra, komwe palibe ankadziwa kuti kusukulu ankamutcha mwana wa kuchimbudzi. Manyazi amenewo sanamuchoke mpaka lero.

Koma amalume sanadikire yankho. Chikwangwani cha akazi anali atachizula kale, ati kuyesa. Makondakitala nawo, pozindikira kuti mbali ya akazi ndi yaukhondo, anakhamukira komweko. Sabata imodzi yokha! Pansi panali chithaphwi chachikasu, m'ngalande muli zotsalira za ndudu, ntchentche zili ng'waa. Wina anatuluka akumanga zipi, n'kupukutira manja pa katani amene Maame Araba ankachapa Loweruka lililonse. Ewurasi zinamunyansa, ndipo amalume ake anamunyansa koposa.

Azimayi asanu anali ataima chapatali padzuwa, miyendo ataiphatikiza.

"Kunja kwake kuti, inu a Kobina?" anafunsa mmodzi wa iwo, a Ekuwa Mansa ogulitsa nsomba zowamba. "Munapitako liti? Kapena mukunena ku Kasoa, pafupi ndi Accra pomwepa?"

"Ndimaonera pa foni, mayi. Mkodzo ulibe mwamuna kapena mkazi."

"Ndiye kakodzeni kukhitchini kwa akazi anu. Kumene mukunenako zitseko zimafika pansi. Zanuzi zimalekezera m'mawondo, ndipo anyamata anuwa khosi lawo ndi lalitali."

"Mukangozolowera mudzandithokoza." A Kobina anatembenukira kwa Ewurasi. "Iwe, usadetse manja ako apa. Mlongo wanga anakuphunzitsa sukulu kuti uchoke pa fungo. Bwerera ku Accra, zotsalazi ndi zanga."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka.

Nthawi yomweyo basi ya ku Tarkwa inaima. Munatsika mayi wina wovala siketi yoyera, akuyenda chammbali, msana atautsamiritsa ku khoma, chikwama atachigwirira kumbuyo. Chikwamacho chinali chaching'ono. Banga lofiira linkaoneka ndithu. Atafika pakhomo la akazi anapeza amuna atatu ali pamzere, ndipo mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono, onse n'kuyamba kuseka chapansipansi.

Mayiyo anayang'ana mpando wopanda munthu.

"Amayi aja ali kuti?" ananong'ona. "Aja amakhala apa?"

"Anatisiya, mwanawe," anayankha a Ekuwa.

"Mayo ine. Chaka chatha zinandichitikiranso pompano. Anavula nsalu yawo yapamwamba n'kundimanga m'chiuno, osandifunsa ngakhale dzina. Iwo anakhala tsiku lonse ndi yamkati yokha."

"Si inu nokha," anatero a Ekuwa, maso ali pa Ewurasi. "Theka la msika uno linavalapo nsalu ya Araba."

Ewurasi ankakumbukira masiku amene mayi ake ankabwera kunyumba ndi nsalu imodzi, iye n'kumawakalipira kuti akuyenda ngati wamisala pamaso pa anzake. Mayi akewo sanamuuzepo chifukwa.

"Tiye, akuluakulu akudikira," anatero a Kobina.

Ewurasi anamasula nsalu yake yakuda yapamwamba, n'kumumanga mayiyo m'chiuno, mfundo kumanzere. Kenako anakoka mpando uja, naukhazika pakati penipeni pa khomo.

"Abambo, kwanu ndi uko," anauza amuna aja.

"Ewurasi! Nsalu yamaliro imeneyo!"

"Ndi ya maliro a mayi anga, amalume. Kauzeni akuluakulu kuti mwandisiya nditakhala pansi. Ndipo wina andibweretsere ndowa ndi tsache."