Nyuzipepala Yogulitsidwa pa Sikelo

Renante anasiya koleji mumzinda wa Iloilo sabata imene anaika mlongo wake Jinky m'manda, ndipo sanabwererekonso. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku limenelo kunagwa chimvula, madzi anabisa msewu wochokera kusukulu, ndipo Jinky anaponda pamene panayenera kukhala chivundikiro cha ngalande. Chivundikiro panalibe. Anakamupeza mawa lake kumlatho wa kumunsi.

Miyezi isanu ndi itatu itapita, dzinja lina likununkhira, dzenje lija linali chiyasamire. Wina anangoikapo tayala lakutha.

Renante anapita kwa Nang Purita (Nang ndi mawu aulemu oitanira mayi wamkulu kumeneko), mphunzitsi wopuma pantchito amene kwa zaka makumi awiri ankatulutsa Duyan, kanyuzipepala ka makolo ka masamba anayi. Munkakhala masiku a katemera, mayina a makanda obadwa mwezi umenewo, kaphikidwe ka phala, ndi malonda a mayunifolomu ovalidwapo kale. Inali yaulere. Ankaisiya m'maokala ndi pageti la sukulu, aliyense n'kumatengapo.

"Toto," anatero mayiyo, pomuitana ndi dzina limene kumeneko amaitanira mnyamata, atamva zimene anabwerera, "nyuzipepala yangayi ndi ya nsabwe za m'mutu ndi chikuku. Za ngalande ndinalembapo liti?"

"Ngalande ndi nkhani ya ana, Nang. Inadya mwana."

Nang Purita anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Lemba. Koma kutukwana ayi, ndimakudziwa. Uyende msewu wonse, uwerenge maenje, unene pamene lililonse lili. Ukalakwitsa limodzi, adzati zonsezo n'zabodza."

Renante anapeza maenje khumi ndi limodzi. Anajambula mapu, dzenje lililonse analiika kamtanda, ndipo pansi pake analemba kuti Loweruka kuli msonkhano wa dera pabwalo la mpira wa manja. Msonkhano umenewo unkachitika kawiri pachaka. Makolo akabwera ambiri, Kapitani Villaruel, mkulu wa deralo, akanakakamizika kutseka maenjewo mvula isanayambe. Akabwera anthu khumi a masiku onse aja, nkhaniyo ikanadikira msonkhano wina, ana akuyendabe m'madzi.

Anasindikiza Lolemba. Pofika Lachiwiri masana, m'maokala monse munalibe ndi imodzi yomwe. Renante anasangalala, kwa nthawi yoyamba chimwalirire Jinky, mpaka mwini okala wa pakona anamuuza zoona.

"Usanyadire, Toto. Anyamata a Kap adutsa ndi njinga yamoto m'mawa uno. Akuti poti n'zaulere, atenga zonse. Ndi chingwe chomangira chomwe."

Renante anakawapeza a Kapitani ku ofesi akudya nthochi zokazinga, fani ikuwapemerera m'khosi.

"Khala pansi, Toto. Za mlongo wako zinatikhudza tonse. Nkhata ya maluwa ija munailandira?"

"Tinailandira, Kap. Inali yaikulu. Ikanakwana kutseka dzenje lija."

A Kapitani anasiya kutafuna.

"Nyuzipepala zili kuti, Kap?"

"Si zaulere kodi? Anyamata anga amakonda kuwerenga."

"Amene aja? Amavala jezi chotembenuza osadziwa."

"Tamvera, mwana iwe. Chisankho chayandikira. Maliro a kwanu usawasandutse ndale. Zivundikirozo zili m'ndondomeko."

"Chaka chatha zinalinso m'ndondomeko."

Anatuluka osatsazika. 

Kusindikizanso sikunatheke. Makina a m'tauniyo anali amodzi, ndipo mwini wake anali atalandira kale ntchito ya mapepala a mayeso mpaka sabata yotsatira. Renante anayamba kuyenda khomo ndi khomo, atanyamula nyuzipepala imodzi imene inatsala kwa Nang Purita. Anthu ankamupatsa mpando, ena khofi, n'kumupepesa. Akangotchula za msonkhano ankayang'ana pansi. Ankaona mnyamata wofedwa amene chisoni chamusokoneza mutu. Mawu ake apakamwa sankalemera ngati a Duyan, imene amayi a m'deralo ankaikhulupirira chifukwa sinawaphonyetsepo tsiku la katemera. Pofika Lachitatu madzulo anali atayenda nyumba makumi atatu, ndipo amene analonjeza kubwera anali anayi.

Amayi ake omwe sanafune kuiona nyuzipepalayo. Dzina la Jinky sankalitchula. Mbale yake ankaitsukabe pamodzi ndi zina.

Lachinayi m'mawa anabwera kuchokera kumsika n'kuika kaphukusi ka nsomba zouma patebulo. Renante ali kuseri, anamva nyumba yati zii, osamveka mpeni kapena madzi. Atalowa anawapeza ataimirira, atatambasula pepala lokulungira nsombalo, mafuta atalowerera pakati. Anali mapu aja. Chala chawo chinali pakamtanda kachitatu.

"Ndi apa?" anafunsa.

"Ndi pomwepo, Nay," anayankha, powaitana monga ana a kumeneko amaitanira amayi awo.

"Ndiye atsala khumi."

"Onse alipo, Nay. Limeneli nalo sanatseke."

Renante anathamangira kumsika. Mzere wonse wa nsomba zouma unali Duyan yekhayekha, milu yake ili pambali pa masikelo. Nang Saling, mayi wonenepa amene mawu ake ankamveka mpaka kumzere wa nyama, anamuona akubwera n'kuyamba kuseka.

"Wabwera mlembi! Anyamata a Kap anauzidwa kuti akazitenthe. Koma iwe, kuno unaonapo ndani akutentha pepala loti lingakwere pasikelo? Anakagulitsa kwa wogula zinthu zakutha, iye n'kutigulitsa ife. Dzulo ndikukulunga ndinaona dzina la mlongo wako Jinky. Ndinakhala pansi, Toto. Mdzukulu wanga amadutsa msewu womwewo."

"Ndiye mukung'amba n'kumakulungira?"

"Kung'amba? Wogula nsomba ziwiri ndikumukulungira nyuzipepala yonse, mapu kunja. Amzanga onsewa ndawauza. Wa tomato uko wabwereka mulu."

Ali chilankhulire, anyamata awiri a Kapitani anatulukira, thukuta lili kamukamu. Mbiri inali itawafika abwana awo. Wamtaliyo anagwira mulu wa Nang Saling.

"Nang, mapepalawa tikuwafuna."

"Chotsa dzanja, Dodoy, ndisanakuike pasikelo iwenso. Munagulitsa nokha. Ili ndi pepala langa tsopano."

"Tikupatsani ena abwino, Nang. A ku likulu ku Manila, akuluakulu."

"A ku Manila akudziwa kuti ngalande ya kusukulu kwathu ili pati? Ukufuna pepala, gula nsomba. Ndikukulungira bwinobwino, ukawawerengere a Kap."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Wina anakuwa kuti amupatse ya zithunzi zokhazokha. Dodoy anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana kudenga, ndipo anachoka chimanjamanja.

Renante sanaseke nawo. Anaima pambali akuona maphukusi akulowa m'madengu, limodzilimodzi, kupita m'makhitchini amene iye sakanafikamo ngakhale akanayenda mwezi wathunthu. Anakumbukira kuti Jinky ankadana ndi nsomba zouma, ankatseka mphuno zikamakazingidwa. Anapita kuseri kwa mzere wa makala n'kukalira kumeneko, pamene panalibe womupepesa.

Loweruka mipando imene anyamata a Kapitani anayala inali makumi awiri. Inadzaza msonkhano usanayambe. Ena anakhala pansi, ena anaima m'mbali mwa bwalo, makanda ali m'manja. Dzuwa litatentha malata a denga la bwalolo, bwalo lonse linanunkha nsomba, chifukwa pafupifupi aliyense anali ndi pepala lake lamafuta, ena akudzipemerera nalo.

A Kapitani analankhula za magetsi a mumsewu, za agalu osamangirira, za mpikisano wa kuvina. Atafika kumapeto anati, "Za ngalande tazimva. Tiziona."

Amayi a Renante anaimirira. Sanali munthu wolankhula pagulu, ndipo mawu awo anatuluka aang'ono, moti anthu anatontholetsana kuti amve.

"Kap, ine ndine mayi wa dzenje lachitatu. Sindikufuna kudziwana ndi mayi wa dzenje lachinayi. Tiuzeni tsiku."

"Mayi, zinthuzi zimayenda ndi ndondomeko..."

"Tsiku, Kap!" anakuwa Nang Saling kumbuyo. "Nsomba zanga ndazisiyira mwamuna wanga, ndipo sindichoka pano."

Panalibe amene anasuntha. Khanda lina linalira, mayi wake n'kuliyamwitsa ali chiimirire. A Kapitani ananong'onezana ndi mlembi wawo, anapukuta khosi, kenako anatchula tsiku: pa khumi ndi asanu mwezi womwewo, maenje onse adzakhala atatsekedwa ndi simenti.

Ena anawomba m'manja. Renante sanawombe. Nang Purita anamupatsa cholembera, ndipo iye anaimirira.

"Kap, tsamba loyamba la Duyan ya mwezi wamawa likudikira. Ndilembe kuti tsiku limeneli mwanena ndinu?"

A Kapitani anayang'ana bwalo lonse, mzere ndi mzere.

"Lemba," anatero.