Kalata ya Dona wa ku Woodlands

Said Mfaume anaimitsa makina ake osokera, natola choko cholembera nsalu. Loweruka masana khonde lake la ku Kabwata linkasanduka sukulu ya akhukhi ndi osamalira maluwa kwa azungu. Iye m'kalasi sanapondemo. Chingerezi anachitola yekha ku Joni, ku Bulawayo ndi padoko la Beira, ndipo akachitsanula ngakhale apolisi ankamuvulira chipewa.

"Mvelani, madoda! Adjective ivalika munthu malaya: good cook, clean cook. Adverb ivalika nchito yake: he works quickly. Ine Mfaume, handsome tailor, nisoka beautifully!"

Anthu anafa nacho chiseko. Apo Killian, khukhi wa imvi wochokera ku Fort Jameson, anamasula mpango natulutsa kalata. Masiku amenewo a Chitaganya, wantchito akachoka kwa mzungu ankapatsidwa kalata ya umboni, n'kumaionetsa khomo ndi khomo osadziwa zolembedwamo.

"Ba Mfaume, nifunileni malaya yanga umu. Dona wa ku Woodlands n'namuphikila zaka naini. Mande niyenda nayo ku hotela, kuli nchito."

Said anawerenga chamumtima. Lazy. Cheeky. Works slowly, answers rudely. Akanama, mkuluyu akapereka yekha chitonzo chake ku hotela. Akanena zoona, amuvula pamaso pa anzake.

"Dzanja la dona ni loipa, mudala. Bwelani mailo."

"Mwawelenga. Naona maso yanu. Kambani."

Said anamasulira liwu ndi liwu, motsitsa mawu. Tsopano Killian anadziwa chifukwa chimene makomo anakhala akumutsekekera zaka ziwiri.

"Nizakulembelani ina," Said ananong'ona. "Dzanja la muzungu nilidziwa ngati nsonga ya singano."

"Bodza pamwamba pa bodza? Iyai. Niphunzitseni kuwelenga iyi yamene."

Galu wamkota sakandira pachabe. Said anamubwereza mawuwo mpaka anakhazikika pa lilime, ndipo m'mawa mwake anavala suti ya ku Joni n'kumuperekeza kwa dona uja.

Pa geti la ku Woodlands, Said, mwamuna wodutsa malire anayi, anatsalira m'mbuyo. Killian sanazungulire ku khomo la kukhitchini. Anakwera masitepe akumaso n'kugogoda. Dona atatsegula, mkuluyo anawerenga kalata yonse mokweza, osaphonya liwu, kenako anawonjeza ake.

"Nine years, madam. I cooked nicely. You ate happily. Write truly."

Nkhope ya donayo inafiira ngati tomato wakupsa, ndipo chitseko chinamenyetsedwa. Killian anawerama, nalowetsa kalatayo pansi pa chitsekocho.

"Manje muzaonetsa chani Mande?" Said anafunsa atatuluka.

"Banipatse nkhuku na uvuni. Bazawelenga na pakamwa."

Said anafuna kunenapo za ku Beira, koma anangomeza. Anayenda pambuyo pa khukhiyo, pakati penipeni pa msewu wa tala, mpaka galimoto ya mzungu wina inachita kuwapatukira.