Mukatuluka Mutseke Chitseko

"Tiyambe ndi awa," adatero alamu, akuponya kope lina m'katoni. "Mapepala sadyedwa, mlamu. Angokuitanirani mphemvu."

Telala adaima pakhomo pa kachipindako, tepi yoyezera ili m'khosi, ngakhale kuti chiikire mwamuna wake m'manda, masiku anayi apitawo, anali asanasokerepo ngakhale batani. Kachipindako kanali ka malemuyo. Munali tebulo, mpando wothyoka chotsamira, sikirini, kamakina ka gemu, dikishonale yolemera ngati njerwa, ndi makope khumi ndi limodzi. Alamuwo, mkulu wake wa malemu, anali dalaivala wa malole, munthu wosapirira kuona chinthu chitangokhala. Iwo adagamula kuti kachipindako kayeretsedwe lisanafike Loweruka, kuti mayi awo okalamba adzakhalemo, wamasiyeyu asamakhale yekha m'nyumba.

"Ndakumvani, alamu," adatero telala.

Adalekezera pomwepo. Mawuwo anali ndi mchira wake, koma adaumeza, chifukwa tsiku la maliro munthu wina adamutsirizira. Alamu atangotchula za kachipindako, iye adati, "Ndakumvani, alamu," ndipo kumbuyo kwake mayi wina wovala magalasi, yemwe sadamuonepo chibadwire, adanong'ona kuti, "koma sindinavomere." Adanena mmene telala amanenera, mpaka kukoka mawu komaliza. Atacheuka, mayiyo anali atagwira pakamwa ngati wagwetsa mbale ya eni.

Nkhani ya makopewo aliyense pabanjapo ankaidziwa, ndipo aliyense ankaiseka. Malemuyo, wokonza mafoni wa manja ofatsa, adakodwa ndi gemu ina ya ku Japan, nthano yaitali ya munthu wonyamula nyali. Zigawo ziwiri zoyamba zidatuluka m'Chingelezi. Chachitatu, chotsiriza, chidatsalira m'Chijapani. Chaka ndi chaka pa intaneti pankamveka mphekesera zoti kampani yatsala pang'ono kuchimasulira, ndipo chaka ndi chaka iye ndi anzake ankadikira ngati anthu odikira basi yomwe idasiya kale kudutsa njirayo. Zaka zitatu zitatha adatopa. Adaitanitsa gemu ya Chijapaniyo, nagula dikishonale, nayamba kumasulira yekha m'chiyankhulo chathu, chilembo chimodzichimodzi. Loweruka masana ankanyamula kope kukawerengera anzake.

Telala ankauza makasitomala ake kuti ali pa mitala ndi dikishonale, ndipo kuti mkazi wamkulu ndi dikishonaleyo. Anthu ankaseka. Iyenso ankaseka, koma mumtima zinkamuwawa ndithu.

Komatu chomwe chinkamudya tsopano sichinali makope. Linali Lamulungu lomaliza lija. Masana amenewo anali pa makina pabalaza, akuthamanga ndi diresi laukwati, mapini ali pakamwa. Mwamuna wake adatulukira pakhomo pa kachipinda, pensulo ili pakhutu.

"Mayi," adatero, "kodi nditati ndikupita ulendo wosabwerera, mungandiuze chiyani?"

Telala adalavula mapini m'dzanja osatembenuka. "Ndingati mukatuluka mutseke chitseko, fumbi likundidetsera nsalu za eni."

Mwamunayo adamuyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu, nabwerera m'kachipinda mwake. Lachiwiri m'mawa adapita kuntchito, natseka chitseko chakunja mosamala kwambiri, mpaka loko kulira. Masana omwewo adagwa patebulo lake, foni ya kasitomala ili yotsegula m'manja. Adokotala adati ndi mtima. Anthu adati chakudza sichiimba ng'oma. Koma telala ankakhulupirira kuti kwa mwamuna wake chidaimba, kuti adachimva chikubwera, nabwera kwa mkazi wake kudzapempha liwu limodzi loti anyamule, ndipo iye adamupatsa chitseko.

Kuyambira tsikulo chitseko chakunja chidamukanika kutseka. Chinkakhala pululu, fumbi likulowa mmene lifunira, likukhala pamakina, pansalu, pamipando. Dzuwa likapendeka ankamva kanyimbo ka gemu ija, kachitoliro kobwerezabwereza, kakuchokera m'kachipinda. Kamakinako adakazula yekha pamagetsi tsiku loyamba lomwe, koma kanyimboko sikadalabadire zimenezo.

"Odi kuno!"

Pakhomo padaima anthu awiri. Wina anali bambo wamtali, wa ndevu zometa bwino. Winayo anali mayi wa magalasi uja.

"Pepani, mayi, tafika nthawi yolakwika," adatero mayiyo. "Ine ndimagwira ntchito yoyeza magazi, awa ndi ometa tsitsi. Ndife anzawo a Womasulira."

"A ndani?"

"Amuna anu. Ndi mmene tinkawatchulira."

Alamu adatuluka m'kachipinda, katoni ili pamimba. Adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu aja a zidole?"

"Ndife omwewo, achimwene," adayankha wometa mosakwiya. "Tabwera kudzapempha kope limodzi, la khumi ndi chimodzi. Tingowerenga, tibweza. Tinatsala ndi tsamba limodzi kuti nthano ithe."

"Tamverani zimenezo! Munthu dothi silinaume pamanda, inu mukufuna nthano? Anthu akuluakulu, wina ndevu pepeya! Mng'ono wanga munamusandutsa mwana, zaka zinayi ali chiweramire pa zilembo zokhala ngati mapazi a nkhuku. Mkazi wake apa, munamufunsapo kuti akudya ndi ndani Loweruka?"

Funsolo linali ndi mano.

"Dzulo kwamvekanso kuti gemuyo mwina ituluka m'Chingelezi chaka chamawa," adatero wometa motsitsa mawu. "Zaka zisanu ndi ziwiri takhala tikudikira uthenga umenewu. Pagulu lathu palibe ngakhale mmodzi anasangalala. Ife tikufuna ya iwowo."

"Mukaipeza ku phulusa," adatero alamu, nazungulira kuseri kwa nyumba ndi katoni yawo.

Telala sadawaletse. Maso ake anali pa mayi wa magalasi. Funso lidakhala pakhosi masiku anayi, ndipo lidatuluka lopanda moni.

"Inu mayi, tsiku la maliro munanditsirizira mawu. Munawamva kuti? Amuna anga ankakuuzani za m'nyumba mwanga?"

"Ayi, mayi, chonde musaganize zimenezo." Mayiyo adavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Ndinawamva kwa Wosula."

"Winanso ndani ameneyo?"

"Ndi wa m'gemumo. Mzimayi wosula zitsulo, amene amakonza nyali ya mwini nthano. M'zigawo za Chingelezi zija ankayankhula mozizira ngati pepala la m'bokosi la mankhwala, palibe ankamusamala. Koma Womasulira atayamba chigawo chachitatu anati, uyu ndikumudziwa mmene amayankhulira. Basi, Wosula anadzuka. Mfumu ikamulamula, iye amati, ndakumvani, koma sindinavomere."

"Msilikali akabwera kudzadandaula kuti lupanga lapindika," adalowererapo wometa, "amati, chitsulo sichinama, amanama ndi mwini lupanga."

Dzanja la telala lidapita lokha pa tepi ya m'khosi. Tepi sinama, amanama ndi mwini chiuno. Mawu amenewa adawanena kambirimbiri pabalaza pomwepa, kwa azimayi olumbira kuti diresi ndi lomwe lachepa.

"Tinkaseka mpaka kugwira nthiti," adapitiriza wometa. "Tikawafunsa kuti mukuzitenga kuti zimenezi, ankati, ndimangosiya chitseko cha kachipinda chotsegula pang'ono, n'kumamvetsera. Tsiku la maliro titamva inu mukuyankhula, mayi, tonse tinazizidwa. Zinali ngati munthu wa m'sikirini watuluka kudzalira nafe."

Telala adakumbukira mmene ankakalipira chitseko chimenecho. Mukutseka kapena mukutsegula, bambo inu? Kanyimbo kanuko kakundisokoneza mizere! Mwamunayo ankati pepani, nkuchikankha pang'ono, koma sichinkatsekeka konse.

Fungo la utsi lidalowa pawindo.

Sadadziwe kuti adadutsa bwanji pabalaza. Kuseri adapeza alamu ataima pa mgolo wootchera zinyalala, moto uli lawilawi, kope lina lili m'manja. Atatu anali atapsa kale. Chikuto cha limodzi chinkapindika m'moto ngati chikumva kuwawa.

"Alamu!"

"Lowani m'nyumba, mlamu, utsi ungakupwetekeni maso."

"Alamu, ndinakumvani." Adawalanda kopelo, nanyamula katoni yonse. "Koma sindinavomere."

Dalaivala uja, amene amaopedwa ndi anzake onse a pamsewu, adamusiyira katoniyo osalimbana naye. "Ine ndimafuna kukuthandizani," adatero. Adayang'ana motowo. "Ndikaona zolemba zakezo ndimaona dzanja lake. Ndine ndinamuphunzitsa kugwira pensulo mwana ameneyu."

Alamuwo adamutsatira m'nyumba mwakachetechete, nakaima pafupi ndi khomo.

Telala adakhala pa mpando wa makina, natulutsa kope la khumi ndi chimodzi. Zaka zinayi makopewa adakhala naye nyumba imodzi, koma aka kanali koyamba kutsegula. Tsamba lililonse linali logawidwa patatu ndi rula. Kumanzere kunali zilembo za Chijapani, zokopera mosamala. Pakati panali tanthauzo lake la m'dikishonale, lolemba ndi pensulo. Kumanja kunali mawu enieni oti akawerengere anzake, a inki. M'mphepete munali timawu tating'onoting'ono ta iye mwini. Mayi atero lero kwa wogulitsa ulusi. Mayi atero atapsa ndi ayironi.

Adatsegula tsamba lotsiriza. Pakati padalembedwa kuti: Wonyamula nyali akupita kutsidya, sadzabwerera. Wosula wamufulatira. Akunena liwu limodzi lokha, loti pita.

Kumanja mwamuna wake adayesa katatu. Ndidzakudikira. Adakhwatcha. Usandisiye, wokondedwa. Adakhwatcha kawiri, mpaka pepala kubooka. Upite bwino. Adakhwatchanso. M'mphepete adalemba kuti: Ayi, sangayankhule chonchi. Ndiwafunse mayi.

Pansi pake panali deti la Lamulungu lija, ndi mzere umodzi wa inki, wolemba bwino, wopanda chokhwatcha.

Telala adauwerenga chamumtima. Kenaka adawerenga timawu ta pensulo tomwe tinali pambali pake.

Ndi zomwezi, ndazipeza. Ayankha osandiyang'ana, koma phazi laima pa makina, ndipo sanasokenso mpaka dzuwa kulowa. Ndimawadziwa ine. Akaopa amakalipa.

Zinali zoona. Adaiwala, koma zinali zoona. Mwamuna wake atabwerera m'kachipinda tsiku lija, iye adakhala duu, diresi laukwati lili pamiyendo, mtima ukugunda ngati wathamanga, atakwiya ndi munthu wofunsa mafunso oitana tsoka. Ankayesa kuti palibe adaziona. Sadadziwe kuti kuseri kwa chitseko munthu ankamvetsera ngakhale kukhala chete kwa makina.

Adalira. Sikunali kulira kwa tsiku la maliro, koti anthu akugwire mapewa. Kunali kulira kwa munthu amene watula mtolo atafika kale pakhomo. Mayi wa magalasi adafuna kumuyandikira, koma wometa adamugwira mkono.

Patapita kanthawi adapukuta maso ndi kansalu kotsala pa diresi lina.

"Mukuti munatsala ndi tsamba limodzi?"

"Limodzi, mayi."

"Ankawerenga ataima kapena atakhala?"

"Ataima," adatero wometa. "Ankati Wosula sakhala pansi."

Telala adaimirira. Adawerenga za wonyamula nyali, za bwato lodikira pagombe, za mzimayi wofulatira amene nyundo yake ili m'manja. Atafika pa mzere wa inki uja sadayang'anenso pakope.

"Ukatuluka utseke chitseko, fumbi likundilowera."

Wometa adaweramitsa mutu. Alamu adatembenukira kukhoma, akukanda pamphuno ngati alowedwa ndi utsi.

"Kopeli mutenge, mukawerengere anzanu enawo," adatero telala. "Koma libwere. Ndipo atatu apsawo, mukukumbukira zomwe zinalimo?"

"Mwina theka," adayankha mayi wa magalasi. "Koma mawu a Wosula ndiye ovuta."

"Amenewo musavutike nawo. Muzibwera Loweruka masana."

Alendo atapita, alamu adatola tsache nalowa m'kachipinda kukasesa, pakuti mayi okalamba anali akubwerabe Loweruka. Telala adapita pa khomo lakunja. Adagwira chitseko, nachikankha pang'onopang'ono mpaka loko kulira. Adapukuta fumbi la masiku onse aja pamakina, nalowetsa ulusi pa singano.

"Mlamu," adaitana alamu, "chitseko ichi n'chifukwa chake sichitsekeka. Taonani chomwe chili pansipa."

Adatulutsa kansalu kobiriwira, kopindidwa kanayi, kolimba ngati chikopa chifukwa chopanikizika zaka zambiri. Telala adakazindikira. Kanali kotsala pa diresi lomwe adavala tsiku limene adakumana koyamba ndi mwamuna wake.

"Ndikataye?"

"Bwezerani pomwepo, alamu."

Alamu adagwada, nakalowetsa pansi pa chitseko. Chitsekocho chidaima pomwe chinkaima nthawi zonse, chotsegula zala zitatu. Telala adaika phazi pa makina, nayamba kusoka.