Anatisiya Pakati pa Nyimbo

Loweruka pa 22 Novembala, nthawi ili 5:52 madzulo, pa mwambo wapachaka wopereka mphoto kwa oimba, a Besi anamva kuti anamwalira. Anali atakhala pa mpando wachinayi mumzere wachiwiri, atavala suti yotuwa, m'kamwa muli switi ya chifuwa.

Dzina loti a Besi linabwera ndi ntchito. Anaimba gitala ya besi zaka 31 m'bandi imodzi, ataima kumbuyo, pakati pa ng'oma ndi sipika, malo amene makamera safikako. Mwini bandiyo, yemwenso ankatsogolera nyimbo, anali Kolala, munthu amene ankayenda kolala ya malaya ili chiimire ngakhale dzuwa liswe mtengo. Zimbale zinatuluka khumi ndi zinayi. Pa zisanu ndi zinayi dzina la a Besi linalembedwa molakwika. Pa zisanu zotsalazo silinalembedwe n'komwe.

Imfa yawo inayambira pa foni. Lachisanu pa 3 Okutobala, mlembi wa komiti ya mphoto, mayi wakhama amene ankalemba chilichonse m'kope, anaimbira Kolala kuti atsimikize mayina a anthu a m'bandi, popeza bandiyo inali pa mndandanda wopikisana.

"Nanga oimba besi akalekale aja?" anafunsa mlembiyo.

"Aaa, amenewo anatisiya," anatero Kolala. "Chaka chatha, mwezi wa Marichi."

"Ayi! Pepani kwambiri. Anadwala nthawi yaitali?"

"Kudwala? Ayi ndithu. Zinangochitika mwadzidzidzi, tikuyeserera, pakati pa nyimbo. Tonse tinangoti kukamwa yasa."

"Koma ndiye zinakupwetekani."

"Mpaka lero, mayi. Nanga n'kutani? Anatopa. Akupuma."

Panalibe bodza pa mawu onsewa. Lachiwiri pa 12 Marichi chaka chathacho, Kolala atauza wa makina kachitatu kuti atsitse besi, a Besi anazula waya, n'kumukulunga pachigongono mosapupuluma, n'kuika gitala m'bokosi, n'kutuluka. Kuchokera tsiku limenelo awiriwa sanapatsanenso moni. A Besi anatsegula kashopu kokonza masipika kuseri kwa telala wina, ndipo kuthamanga kwa magazi kunawatsika.

Kalata inafika kunyumba pa 27 Okutobala. Inkaitana banja lawo, mipando iwiri, kudzalandira Mphoto ya Chikumbutso.

"Andikumbuka," anatero a Besi, akupukuta magalasi kuti awerengenso.

Akazi awo, mphunzitsi wopuma pantchito amene sankalola chilembo kumudutsa, anaiwerenga kawiri. "Nanga bwanji alemba kuti banja, osati inuyo?"

"Ndi ulemu umenewo, mayi. Munthu wamkulu saitanidwa yekha."

Pakhomo la holo panali mtsikana wolandira alendo, pepala lili m'manja. Atapeza dzina la banjalo anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri.

"Pepani ndi zovuta, mayi. Nanga awa ndi ndani?"

"Amuna anga."

Mtsikanayo anayang'ana a Besi kuyambira dazi mpaka nsapato, kenako anayang'ana mayiwo. "Oo," anatero. "Chabwino. Mulungu amatonthozadi msanga."

Mwambo unayamba 4:20, mochedwa ndi mphindi makumi awiri. Mphoto ya Woimba Watsopano inapita kwa mtsikana wina amene anathokoza anthu 23, womaliza wake wokonza tsitsi. Ya Nyimbo Yauzimu inapita kwa kwaya ya anthu makumi anayi, ndipo onse anakwera pansanja mpaka matabwa analira. Pa Bandi ya Chaka panali mayina asanu. Bandi ya Kolala inagonja kwa anyamata atatu okhala ndi kompyuta imodzi. A Besi anaomba m'manja mpaka akazi awo anawatsina.

Kenako magetsi anachepetsedwa, ndipo pachinsalu chachikulu panatuluka chithunzi: mwamuna wa tsitsi lambiri ngati chisa, ndevu za pamlomo zakuda bii, besi ili pamimba. Chinajambulidwa zaka 26 zapitazo. M'holo yonse munalibe amene akanachifananitsa ndi mdala wadazi wa mumzere wachiwiri. Woimba besi nkhope yake sidziwika ngakhale tsitsi likadalipo.

Choyamba chimene a Besi anaona chinali dzina lawo, lonse, chilembo chilichonse pamalo pake. Chachiwiri chinali liwu limene linali patsogolo pa dzinalo: Malemu.

Wotsogolera mwambo anapempha onse aimirire ndi kukhala chete kwa mphindi imodzi. A Besi anaimirira nawo. Phazi lawo, lozolowera kusunga nthawi, linawerenga lokha. Anthu anauzidwa kukhala pansi patatha masekondi 41.

"Andibera masekondi 19," ananong'ona.

"Bambo," anatero akazi awo mano atalumana, "mwafatu inu."

"Ndaona."

"Ndiye mwangokhala phee? Kwezani dzanja!"

A Besi sanakweze. Anali atatsegula kabuku ka ndondomeko ya mwambo, ndipo kumapeto kwake, m'timalemba ting'onoting'ono, anapeza ndime 9: Mphoto ya Chikumbutso iperekedwa kwa banja la woimba amene wamwalira m'miyezi 24 yapitayo. Anakweza maso. Pathebulo la pansanja panali chikho chagalasi, chachitali ngati botolo, chowala. Zaka 31 anali ataonera ena akunyamula zikho ngati chimenecho, iwo atanyamula sipika.

"Mayi, tikaulula chikho chibwerera."

"Ndiye mufe chifukwa cha galasi?"

"Mpaka 7 koloko basi. Mwambo ukatha ndidzuka."

Ali mkati monong'onezana, munthu anakwera pansanja osaitanidwa. Anali Kolala. Iye sankadziwa kuti imfayo inatuluka m'kamwa mwake. Ataona chithunzicho anakhulupirira kuti mdalayo anamwaliradi chakumapeto kwa chaka, iye osauzidwa. Analanda maiki kwa wotsogolera mwambo.

"Palibe anandiuza," anayamba. "Maliro a m'bale wanga anayenda ine ndili m'tauni momwemuno, ndikudya, ndikuseka. Anthuni, lero ndinene zoona. Ndinkati besi itsike, besi itsike, chifukwa anthu ankavina besi, osati mawu anga. Ndinali ndi nsanje. Ndipo nyimbo yathu ija, ya mayi wodikira pa siteshoni, imene mumaidziwa nonse, ndinalemba dzina langa pachimbale koma anaipeka ndi malemuwa. Anaiyambira m'galimoto, akugogoda pabondo."

"Pachitseko," anakonza a Besi chapansipansi.

"Imirirani tsopano," anatero akazi awo. "Mwanayu akomoka."

"Musiyeni amalize. Zaka 31 ndakhala ndikudikira ndime imeneyi."

Kolala analira mphindi zitatu. A Besi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Kenako wotsogolera mwambo anaitana mayi wamasiye. Kuwala kunafunafuna mumzere wachiwiri n'kuima pa akazi awo. Mayiwo anakonza mpango, n'kutenga chikwama, n'kuwerama ngati akumanga nsapato.

"Ndikupita," anatero. "Koma mudziwiretu kuti wina akandifunsira pamwamba apo, ndine mfulu."

Anakwera masitepe mwaulemu wonse. Wapampando wa komiti anawapatsa chikho ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti anene mawu ochepa.

"Amuna anga anali munthu wovuta," anatero mayiwo. Anaima pang'ono, maso ali kumzere wachiwiri. "Mpaka pano ndi wovuta."

Anthu anaseka misozi ili m'maso. Mayi wina kumbuyo anafuula kuti chikondi sichifa. Chikho chinalowa m'chikwama, zipi n'kutsekedwa. A Besi anayang'ana wotchi: 6:04. Kunatsala mphindi 56, ndipo zonse zikanayenda bwino akanapanda kulengeza kuti bandi ya Kolala iimba nyimbo ya pa siteshoni ija polemekeza malemu.

Besi ya nyimbo imeneyo ili ndi khalidwe lake. Siyambira limodzi ndi ng'oma. Imalowa mochedwa pang'ono, ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi, ndipo kuchedwa kumeneko ndi kumene kumanyamula anthu m'mipando. Amene analowa m'malo mwa a Besi anali bambo wa zala zachangu, wodziwa manoti onse, koma wosadziwa kudikira. Analowa patsogolo pa ng'oma. A Besi anatseka maso. Analowanso patsogolo. A Besi analuma switi mpaka inasweka. Anapirira maulendo asanu ndi atatu. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi anapezeka ataimirira.

"Wafulumira iwe! Dikira ng'oma!"

Nthawi inali 6:09. Woimba ng'oma, amene anamva mawu amenewo ndi liwu lomwelo mlungu uliwonse kwa zaka makumi awiri, sanatembenuke n'komwe kuti aone. Anaponya timitengo m'mwamba n'kutulukira khomo lakumbuyo. Nyimbo inaduka. Kuwala kunabwereranso kumzere wachiwiri.

A Besi anaona kuti madzi atayika kale. Anakoka jekete, n'kudutsa mawondo a anthu atatu akupepesa aliyense, n'kukwera masitepe. Kolala anabwerera m'mbuyo atagwira chitsulo cha maiki ngati mkondo.

"Mdala... ndinu?"

"Ndine."

"Wamoyo?"

"Ukanaimba foni ukanadziwa." Anatambasula manja kwa woimba besi watsopanoyo, amene anavula gitala n'kuipereka popanda kufunsa. Anafupikitsa lamba, n'kuyesa nsambo imodzi ndi chala, kenako anayang'ana kumbuyo kwa holo kumene kunali wa makina. "Kweza besi."

Wa makina anayang'ana Kolala. Kolala anagwedeza mutu msangamsanga.

Woimba ng'oma uja anakapezeka koimika magalimoto, ndipo anabwera atagwidwa mkono ndi alonda awiri. Nyimbo inayambanso 6:17. Inatenga mphindi zinayi ndi masekondi makumi awiri, ndipo kwaya ya anthu makumi anayi ija inavina yonse, pamodzi ndi abusa ake.

Mlandu unakambidwa m'kachipinda ka kuseri kwa nsanja, pakati pa mipando yosanjikizana ndi makatoni a madzi. Mlembi anatsegula kope lake n'kuwerenga zonse za pa 3 Okutobala, liwu ndi liwu.

"Eya, ndinanena," anavomera Kolala, thukuta lili kamukamu. "Koma ndinati anatisiya. Sindinati anatisiya!"

"Mwamva kusiyana kwake, a wapampando?" anafunsa mlembiyo.

"Munati akupuma," anatero wapampando.

"Nanga sakupuma? Tawaonani mimbayo!"

"Ikupumadi bwino chikusiyireni," anatero a Besi. "Koma za nyimbo zija wanena pagulu."

"Zija ndimanena za malemu, mdala. Munthu wakufa timamunenera zabwino."

"Makamera anajambula."

Wapampando anatsokomola, n'kutembenukira kwa a Besi mwaulemu waukulu. Anati komiti ndi yokondwa kwambiri kuwaona ali moyo, ndipo palibe amene akuwaimba mlandu pa zimenezo. Koma ndime 9 ndi ndime 9. Chikho chiyenera kubwerera.

A Besi anayang'ana pansi. Anali asanachigwire n'komwe.

"Chibwerere kuchokera kwa ndani?" anafunsa akazi awo.

"Kwa... bambowa, mayi."

"Awa simunawapatse kanthu. Kalata yanu inati banja. Munaitana ine, munapatsa ine, anthu mazana asanu akuona. Awa pa nkhani imeneyi ndi malemu, alibe mawu." Anakumbatira chikwama pachifuwa. "Ndipo ngati pali mwamuna amene dzanja lake lingalowe m'chikwama cha mayi wamasiye, ayese."

Palibe anayesa. Wapampando anati nkhaniyo ipita ku komiti yonse.

Komiti inakumana Lachiwiri pa 9 Disembala, mamembala asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi awiri. Panabwera maganizo awiri. Oyamba anali oti ndime 9 isinthidwe kuti izilolanso oimba amene amwalira molakwika. Achiwiri anali oti chikho chisungidwe mu ofesi ya komiti mpaka tsiku limene a Besi adzakwaniritse zofunika zonse, ndipo membala wina anafunsa, kuti zilembedwe m'kope, ngati alipo akudziwa za thanzi lawo. Mavoti anali atatu kwa atatu.

Membala wachisanu ndi chiwiri, amene voti yake idzadula nkhaniyi, ndi woimba ng'oma uja. Sanafike pa msonkhanowo, ndipo foni sakuyankha. Msonkhano wina auika Loweruka pa 17 Januwale.