Chala Chokhota cha Zaw Htet

Kabelu ka amonke achibuda katalira pakona, Daw Nyunt Yi anali ataima kale pachipata ndi mphika wa mpunga. Chitsekereni asilikali msewu wa kumlatho, amonke a kutsidya ankadutsira kuno popempha chakudya cha m'mawa, ndipo mayiwo mtendere unawathera.

Dera lonse linkadziwa kuti mwana wawo Zaw Htet anathawira ku Thailand maere a usilikali atamugwera. Bodzalo analiphika okha mayiwo. Zoona zake, mnyamatayo anameta mpala, navala mkanjo wofiirira, ndipo ankayenda kumapeto kwa mzerewo, nkhope ataibisa ndi chokupizira. Koma mmonke wopempha savala nsapato, ndipo wopereka amawerama, maso pansi. Nanga chala chachikulu cha kuphazi kwa Zaw Htet si chinakhota kalekale atagwa pa njinga yamoto? Aa, chala chimenecho!

"Ma Nyunt, mpunga wanu uli ndi tsankho," anatero mnansi wawo Daw Ohn Myint mzere utadutsa. "Ena chipande chimodzi, wakumapetoyo ziwiri, dzira pamwamba."

"Ngwowonda. Ndi mlandu?"

"Ayi, si mlandu. Kungoti ku Thailand kwayandikira masiku ano."

Daw Nyunt Yi anavundikira mphika msangamsanga. Mlamu wa Daw Ohn, U Tin Maung, ankagwira ntchito kwa mkulu wa dera, komwe ankachitira maere, ndipo sankachoka pakabenchi pomwe Daw Ohn ankagulitsira masamba otafuna. Kodi Daw Ohn anali atamuuza kale? Nanga kuseka kuja dzulo ankaseka chiyani?

Masana Daw Nyunt Yi anatenga mbale ya msuzi wa nsomba kukawayesa anzawowo.

"Mwabwera kudzanditseka pakamwa?" anafunsa Daw Ohn.

"Nanga kale sitinkapatsana?"

"Kale." Daw Ohn anapitiriza kupaka laimu pamasamba otafuna aja. "Mawa achitanso maere. Malo a wanuyo sangakhale opanda munthu, ndipo dzina la Kyaw Soe wanga lili m'chitini."

"Nayenso athawe! Nkhondo yake iti? Kukatentha midzi ya alimi anzathu?"

"Athawe, zigwere mwana wa yani?"

"Tonse titakana, angatenge ndani?"

"Tonse? Inu munakana nokha, mwakachetechete, ine osandiuza. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wangayu ndi wanunso, Ma Nyunt?"

Daw Nyunt Yi anabwerera kwawo manyazi ndi mantha zili thoo mumtima, msuzi nkuusiya pabenchi pomwepo.

Maere anagweradi Kyaw Soe. Lole itabwera kudzamutenga, mayi ake sanalire. Anangoima pamsewu, maso ali pachipata cha Daw Nyunt Yi, ndipo kusalirako kunaopsa kuposa maliro.

M'mawa mwake kabelu kanaliranso. U Tin Maung anali pakabenchi paja, akutafuna masamba nkumalavula zofiira. Ameneyu ndi amene ananyamula Zaw Htet kupita naye kuchipatala tsiku langozi lija, moti chalacho ankachidziwa ngati chake. Daw Nyunt Yi akanatani? Mmonke ali pamzere sungamuitane dzina, ngakhale unamubereka ndiwe.

Mzere unaima pakhomo pa Daw Ohn. Mayiwo anathira mpunga mmodzimmodzi mpaka anafika kwa wakumapeto. Anayang'ana phazi lija kwa nthawi, kenako anacheukira mlamu wawo. U Tin Maung anadzuka, nayamba kuyandikira.

Apo Daw Ohn anavula mpango wa paphewa, nauyala pansi monga achitira amayi polambira amonke. Mphonje zake zinagwera pachala chija. Anagwada, mphumi pansi, ndipo sanadzuke mpaka mlamu wawo atatopa nkutembenuka kukalavula.

Mzere utapita, Daw Nyunt Yi anathamangira kwa anzawowo misozi ili chuchuchu.

"Ma Ohn, ine..."

"Musandithokoze," anawadula, akukung'untha mpango. "Lero ndamubisa. Za mawa sindinaganize."

Tsiku lotsatira Daw Nyunt Yi anathira wakumapeto uja chipande chimodzi, popanda dzira. Anawerama kwambiri, nalankhula chapansipansi, mwaulemu woyenera mmonke.

"Olemekezeka, msewu uno uli ndi minga. Musadzadutsenso."

Chala chija chinafinya fumbi pang'ono, ndipo mzere unanyamuka.

Kuyambira pamenepo wakumapeto anali wina. Daw Nyunt Yi ankaimabe pachipata m'mawa uliwonse, akuyang'ana mapazi a ana a eni. Pakhomo linalo Daw Ohn ankaimanso ndi mphika wawo, ndipo awiriwo sankapatsana moni.