Mayina a Omira

Cuthbert anaponya mtolo wachitatu wa mapepala pamoto, ndipo mlongo wake Tabitha anangoima pabwalo manja ali lende.

"Achimwene, siyaniko umodzi wokha."

"Wilo wawerenga wekha," anatero Cuthbert osatembenuka. "Chosamalizidwa chilichonse chiotchedwe. Ndine yani ine woti nditsutsane ndi munthu ali m'manda?"

Bambo awo, a Aldous Wreford, anali ataikidwa dzana lake. Anasiya mabuku awiri a mbiri ya doko la Scarhaven. Lachitatu, la mayina a asodzi onse amene anamira panyanja, linawadyera zaka khumi ndi zisanu. Kuuma mutu kwake mkulu ameneyo! Dzina sankalikhulupirira asanalipeze pawiri, m'kaundula wa tchalitchi komanso pakamwa pa wachibale. Imfa inawapeza atatsala ndi mayina makumi atatu osatsimikiza, ndiye kwa iwo buku lonselo linali bodza.

Tabitha ndiye ankawakopera zonsezo mpaka maso kufooka, koma wilo inasiya mphamvu m'manja mwa mwana wamwamuna.

"Tingochotsa makumi atatuwo, enawo tikasindikize," anachonderera.

"Ndiye abale awo ukawauza kuti chiyani? Kuti anthu awo sanamire bwino?" Atatero, anaponya mtolo wotsiriza pamoto.

Chitseko cha mpanda chinalira. Anali mayi Pell, otumbula nsomba kudoko, epuloni ili mamba okhaokha.

"Pepani ndi zovutazi, ana anga. Ndati ndifunseko, Reuben wanga ali patsamba liti? Kuwerenga sindidziwa, ndingoikapo chala basi. Manda alibe, paja nyanja sibweza."

Tabitha anayang'ana kumoto. Dzinalo ankalikumbuka, analikopera yekha, ndipo linali mumtolo woyamba uja, umene unali utapsa kale. Manyazi anamugwira.

Mayiwo sanauyang'ane n'komwe motowo.

"Anabwera kwanga mvula ili pakati, bambo anuwo. Nditangotchula Reuben, anavula chipewa n'kuyamba kulemba pakhomo pomwepo, madzi akuyenderera padazi. Ndinati, a Wreford, mufa ndi chibayo inu! Akuti ayi mayi, dzina la munthu womira sitilemba chipewa chili kumutu."

Cuthbert anayang'ana pansi pomwe panali mitolo. Panalibe chotsala. Anatola mtengo n'kutakasa motowo, koma mapepala ankangofumbutuka ngati masamba ouma.

Anausiya mtengowo. Kenako anavula chipewa chake, n'kuima choncho mu utsimo.