Dzungu Lomera Mano

Munthu waulemu satola chinthu pakhomo pa mnzake, ngakhale chitaoneka ngati chotayidwa. Lamulo limeneli mwana amalidziwa asanayambe sukulu. Komabe Lachisanu pa 31 Okutobala 2008, dzuwa lisanalowe, a Bonaventure Chirambo, mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Ilford, m'dziko la Angerezi, anatsika basi pochokera ku ntchito yawo yosamalira okalamba, nayang'ana uku ndi uku, nanyamula dzungu limene linali pakhomo pa eni ake, nalilowetsa m'chikwama.

Tsikulo ndi limene Angerezi amalitcha Halowini. Pa tsikuli anthu ophunzira bwino amagula dzungu ndi ndalama za thukuta lawo, kulichotsa zam'kati, kuliboola maso ndi mano, kuliyatsira kandulo m'mimba, kenako kulisiya panja kuti liwole. Ana amavekedwa ngati mfiti nayenda khomo ndi khomo kupempha masiwiti moopseza, makolo akujambula zithunzi monyadira. Kwathu mwana akanenedwa ufiti, mayi ake amalira. Kuno mayi amapita yekha kusitolo kukamugulira chipewa cha ufitiwo. Amene amaumvetsa mwambowu ndi eni masitolo basi, pakuti kukacha amatsitsa mitengo ya zotsala, nayamba kuyala za Khirisimasi.

Lamulungu la m'mbuyo mwake, a Chirambo omwewo anali atalalikira mpaka thukuta kuti Mkhristu azimitse magetsi, asatsegulire mwana aliyense, ndipo dzungu la mdierekezi lisaponde m'nyumba mwake. Amayi a mvano anakhudzidwa kwambiri, nagwirizana kuti wopezeka akuchita nawo zimenezi avulidwe duku. Koma kulalikira n'kwina, ndipo mtima wa munthu wokulira ku Ntcheu n'kwinanso: supirira kuona dzungu lokhwima bwino likugwira ntchito ya nyali.

Kunyumba a Chirambo analiduladula kuti nkhope ija isadziwike. Loweruka anapita nazo zidutswazo kwa mayi Tsungai Phiri, wobadwira ku Harare koma agogo ake anali a ku Dedza. Mayiyu anadikira zaka zitatu kuti avekedwe duku loyera la mvano, ndipo sabata imeneyo inali nthawi yake yophikira mpingo.

“Muphike ndi makoko ake, monga kwathu,” anatero a Chirambo.

Tsungai anali atangoweruka shifiti yaitali. Anathokoza mogwada, nathira zonse mumphika osaziyang'anitsitsa.

Lamulungu mapemphero atatha, anthu anadya mu holo imene mpingo unkachita lendi. Dzungulo linali lotsekemera, ndipo a Chirambo, amene anadalitsa chakudyacho okha, anasonyeza chitsanzo chabwino pobwereza katatu. Kenako mayi Charity Mwale, wapampando wa mvano, anakweza chidutswa chimodzi m'mwamba. Chinali ndi mano atatu osemedwa bwino ndi mpeni, ndipo m'kati mwake munali mwaye wa kandulo.

“Achemwali a Tsungai,” anatero mayi Mwale mofatsa, “kodi maungu a ku Zimbabwe amamera ndi mano?”

Anthu anasiya kutafuna. Amene anali atameza kale anayamba kudzigwira pamimba ngati kuti tchimolo likanatha kubwezedwa.

“Ndinachita kupatsidwa, amayi,” anayankha Tsungai, maso ali pansi.

“Kupatsidwa ndi ndani? Satana wayamba kugawa ndiwo m'makomo?”

“Ndi munthu wamkulu. Sindingamutchule pagulu.”

“Ulemu wakewo ndi wabwino, koma duku ndi la mpingo.” Mayi Mwale anatembenukira kwa a Chirambo. “Abambo, inu ndi amene munatichenjeza. Weruzani.”

A Chirambo anapukuta pakamwa, nati nkhani yotereyi imafuna pemphero ndi nthawi. Awa ndi mawu amene akuluakulu amagwiritsa ntchito akafuna kuti mlandu ufe ndi ukalamba. Koma mayi Mwale sanali munthu wodikira maliro a mlandu.

“Tinapemphera kale sabata yatha, abambo. Achemwali, vulani.”

Tsungai anaimirira. Anamasula duku lake pang'onopang'ono, nalipinda bwinobwino monga anaphunzitsidwira tsiku lovekedwa. Sanalipereke kwa mayi Mwale. Anayenda mpaka pa tebulo la akuluakulu, naliika pambali pa mbale ya a Chirambo, m'mene munali makoko asanu okokotedwa mpaka kuyera. Kenako anabwerera pamalo pake, mutu uli pamtunda, pamaso pa amuna onse.

A Chirambo anayang'ana dukulo, nayang'ana makokowo. Anaimirira, namanga batani la jekete ngati akufuna kulalikira.

“Abale ndi alongo, mayiwa abwezeredwe duku lawo, pakuti iwo anangophika. Dzungulo ndinaba ndine, pakhomo la nyumba yachitatu kuchokera pa siteji ya basi. Kandulo ndinaitaya mu bini ndi manja angawa, ndipo nkhope ndinaidula ndekha kuti musaizindikire. Ndinakuuzani kuti ndi la mdierekezi, koma nditaliona ndinangoona chakudya. Ndipo popeza ndayamba kale, ndimalize. La chaka chatha lija, limene mayi Mwale munati likukoma ngati la pa Lizulu mpaka munatengako lina kupita nalo kunyumba, nalonso linali ndi maso.”